Mtsuko Umene Unapha Bwana Fragoso

Kwathu kuno ku Vale de Tordos mitsuko ya vinyo imaphulika, imeneyo si nkhani. Ukachita ulesi osakankhira pansi makoko a mphesa pamene vinyo akuwira, makokowo amaundana n'kutseka kukamwa kwa mtsuko, mpweya umasowa potulukira, basi dongo limang'aluka. Koma mtsuko umene unaphwanya chifuwa cha bwana Inácio Fragoso unali utatha zaka mazana awiri uli chilili, ndipo munthu amene ankausamala sankadziwa ulesi. N'chifukwa chake mbiri itafika m'mudzi masana a Lachiwiri lija, palibe amene anatchula za ngozi. Aliyense ankangofunsa kuti, "Nanga Mbava ali kuti?"

Mbava anali Arménio Canhoto, mkulu wa nyumba yofululira vinyo pa esiteti ya a Fragoso. Kunyumba kwake kunalibe, kumunda kunalibe, ku bala kunalibe. Bambo wachikulire, wamatewe, woyenda mokoka miyendo, anangozimiririka masanasana.

Sajeni Benvinda Pisco anafika dzuwa likuswa mtengo. Ndi mwana wa konkuno, amayi ake a Gertrudes anapindika msana akuthyola mphesa m'minda yomweyi, choncho pageti la a Fragoso sankalowa akusekerera. M'nyumba ya vinyo anaima kaye kuti maso azolowere mdima. Mitsuko inali m'mizere iwiri, uliwonse wautali kuposa munthu, yonse ikutokota ndi kaphokoso konga mvula yowaza. Kumapeto kwa mzere wakumanja kunali mpata. Pamenepo m'pamene pankaima Namfedwa, mtsuko woyamba wa esitetiyi, umene mkazi wamasiye wa Fragoso woyamba anagula atagulitsa ndolo zake. Tsopano unali mapale okhaokha.

Pansi ponse panali pofiirira ndi pomata, makoko a mphesa ali mbwee. Benvinda anafunafuna pouma, n'kukaima pa thabwa lozungulira la pakati pa chipinda, malo okhawo amene sakanamudetsera nsapato. Mtembo anali ataufunditsa nsalu ya patebulo. Pambali pake, pa mpando umene wina anabweretsa, panakhala Dona Perpétua, mlongo wa malemu, khosi lili njo, manja pamiyendo.

"Pepani a Dona, ndikufunseniko pang'ono. Munamva chiyani?"

"Kuphulika. Ndinali kuchipinda kwanga, mazenera otseka, monga amachitira munthu aliyense wanzeru nthawi ya masana. Antchito onse anali atapita kukadya. Ndinatsika ndekha."

"Munapeza chiyani?"

"Zimene ukuonazi. Achimwene ali chagada, chiphale chachikulu pachifuwa."

"Anali akupuma?"

"Pang'ono."

"Ananenapo kanthu?"

Dona Perpétua anayang'ana nsalu ija. "Anati, Mbava."

"Liwu limodzi lokha?"

"Iwe mwana wa Gertrudes, ine ndakalamba koma makutu anga sanakalambe. Anati Mbava, basi n'kutsirizika. Umafuna akuimbire nyimbo?"

Panja, wapolisi mnzake Leonel anali kale pa foni kuitanitsa agalu, ndipo amuna a m'mudzi amene ali ndi mfuti zosakira nguluwe anali atayamba kusonkhana pageti osaitanidwa ndi munthu. Malire a dziko la Spain sali patali. Aliyense ankadziwa kumene munthu wothawa angaloze.

* * *

Dzina lija lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya esiteti yomweyi. M'chaka cha 1975, pamene antchito a m'chigawo chino analanda minda ya eni chuma, Arménio anali mnyamata wamagazi otentha, ndipo ndi iye amene anathyola loko wa pageti la a Fragoso. Banja lonse linathawira ku Lisbon. Kwa zaka zingapo mphesa zinali za amene ankazilima. Kenako mphepo inatembenuka, minda inabwezedwa, ndipo Inácio anabwerera akuyembekezera kupeza bwinja. Anapeza mitsuko yonse yathunthu, yosamalidwa, vinyo wake wokoma kuposa wa nthawi ya bambo ake. Sanathokoze. Anamuyang'ana Arménio kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Iwe mbava, mawa ubwere kuntchito." Kuyambira pamenepo awiriwa ankatukwanana m'mawa uliwonse n'kumalawa vinyo m'kapu imodzi madzulo, ndipo ife tinasiya kalekale kudzifunsa ngati umenewo unali ubwenzi kapena udani.

Duarte, mwana wa malemu, anali kukhitchini, ndudu ili m'zala. Ndi munthu wophunzira za vinyo kusukulu, wolankhula mofulumira, wopepesa ngakhale pamene sanalakwe.

"Dzulo anakangana, inde, sindingabise. Koma sajeni, mumvetse, awiri aja kukangana chinali chakudya chawo."

"Dzulo ankalimbirana chiyani?"

"Zaziii. Manambala basi." Anathimitsa nduduyo n'kuyatsa ina. "Mukudziwa kuti mitsuko timaimata m'kati ndi utomoni wa paini ndi phula, pakapita zaka zambiri timamatanso. Ndiye pa Namfedwa pali mwambo wa banja. Akamumata, mwini esiteti amazokota chakacho pakhosi pake. Kuyambira 1819 zonse zili pamenepo, mbiri yathu yonse pa khosi limodzi. Chaka chino tikukwanitsa zaka mazana awiri, ndiye ine ndinati tijambule khosilo tiike pa mabotolo. Nzeru zanga zopusa zimenezo. Ndikanadziwa ine..."

"Pitirizani."

"Mbava anati pakusowa chaka chimodzi. Akuti iye anamumata mu 1977, nthawi ya chipwirikiti ija, ndipo sichinalembedwe. Bambo anakwiya mpaka milomo kunjenjemera. Anati zaka zimenezo kulibe, esiteti inali itafa, ndipo wakuba salemba dzina lake pa chinthu chimene waba."

"Iye anayankha chiyani?"

"Anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, anachivalanso. Anangoti, Tiona mawa, bwana."

"Nanga inu masana ano munali kuti?"

"Ine? Kutauni ku Évora, kwa osindikiza mapepala a mabotolo. Ndinadya nawo limodzi, aimbireni, chonde aimbireni. Azakhali atandiimbira foni ndinali ndi supuni m'manja."

Benvinda anawaimbiradi. Zinali zoona, ndipo zimenezo sizinamusangalatse, chifukwa zinatseka njira yokhayo imene sinkaloza kwa Arménio.

* * *

Bala ya malume Florival inali yodzaza, koma Benvinda atangolowa inakhala ngati m'kalasi mwalowa ahedi. Florival yekha ndiye sanasinthe. Munthu ameneyu sayankha funso asanalivinitse kaye.

"Eee, boma lafika! Bisani makadi anyamata. Umwa chiyani mwana wanga? Madzi? Madzi kuno timasambira."

"Malume, Mbava munamuona lero?"

"Ndi maso awiriwa. Limodzi n'lang'ala, koma linalo limaona ngakhale ngongole ya m'mtima." Amuna ena anaseka pang'ono n'kusiya msanga. "M'mamawa anakhala pamwala wa pakhomo langali, akunola kampeni kake kolumikizira mphesa kaja. Ndikuti iwe, mwezi wokolola uno ukalumikiza chiyani? Kapena mayi akunyumba akuti umete ndevu zako zambuzizo? Iye osaseka. Munthu woti amaseka ngakhale pamaliro."

"Ananena chiyani?"

Florival anasiya kupukuta kapu. Nthabwala zinamuthera pomwepo. Iye ndi Arménio ankaimba limodzi Loweruka lililonse m'bala yomweyi, mapewa atagundana, kuyambira onse ali ndi tsitsi.

"Zimenezi usazitenge, Benvinda."

"Ndizitenga, malume. Nenani."

"Anati, Florival, lero ndikamaliza ntchito imene ndinaisiya kalekale. Anayesa mpeniwo pa chikhadabo, anaupinda, anapita."

Kenako wina pakona anati, "Waimalizadi," ndipo Florival anamuponyera nsanza yonyowa kumaso.

* * *

Kunyumba kwa Arménio anthu anaima patsidya pa msewu, akungoyang'ana chitseko ngati chiwauza kanthu. Azimayi amene dzulo lomweli ankabwerekana mchere ndi mkazi wake Custódia anapinda manja pachifuwa. Kwathu kuno timakondana ndithu, koma munthu akagwa timayamba taonerera kaye.

"Lowa, usaime pakhomo ngati mlendo. Ndinakusambitsapo iwe," anatero Custódia.

Patebulo panali mbale ziwiri za msuzi wa buledi ndi adyo, zozizira, mafuta ataundana pamwamba. Custódia ndi mayi wamfupi, wamanja akuluakulu. Maso ake anali ouma, ndipo zimenezo zinamuopsa Benvinda kuposa kulira.

"Ndikudziwa zimene akunena. Akuti wapha munthu wathawira ku Spain. Arménio wanga? Kukafika pachitsime pokha amapuma kawiri." Anatenga kabotolo ka mankhwala pa shelefu n'kukaika patebulo. "Mtima wake watha. Adokotala anamuuza kuti kukolola kwa chaka chino n'komaliza. Awa amamwa akamadya masana. Munthu wothawa amasiya moyo wake pa shelefu?"

"Amayi, munthu akapsa mtima saganiza za mankhwala."

"Kupsa mtima kwake ndikukudziwa ine, kumathera m'kamwa. Zaka zonsezi bwana uja wamutukwana kangati? Anamukwezerapo dzanja?"

"Ananola mpeni m'mawa uno. Anakuuzani kuti akukachita nawo chiyani?"

Custódia anakhala pansi pang'onopang'ono. "Sanandiuze. Koma dzulo atabwera sanadye. Ankangobwereza zomwezo. Akuti, Custódia, Namfedwa ndinamumata ndekha, ndinamugudubuza pamoto, manja awa anapsa, zipsera ndi izi. Ndamulola anditche mbava, ana athu kusukulu ankatchedwa ana a Mbava, ine ndinkangoseka. Koma ndisafe ngati sindinakhaleko."

Kutali, kumbali ya mitengo ya kumalire, agalu anayamba kuuwa. Custódia anatembenukira kuzenera, kenako anagwira dzanja la Benvinda mwamphamvu mpaka kupweteka.

"Undipezere iye asanamupeze amfuti aja. Ngati wafa, wafa, ndine wamkulu, ndipirira. Koma dzina lamasewera lija lasanduka lenileni lero, ndipo zidzukulu zanga zifa nalo. Chimenecho ndiye sindingapirire."

Benvinda analonjeza. Atatuluka panja anadzida chifukwa cha lonjezolo, popeza iye mwini ankakhulupirira kuti Arménio ndi amene wapha.

* * *

Kunacha osamupeza. Agalu aja anakhumudwitsa aliyense. Akawatengera kuthengo ankazungulirazungulira n'kubwerera pachitseko cha nyumba ya vinyo, ndipo eni ake anati n'zosadabwitsa, munthuyo wagwira ntchito mmenemo moyo wake wonse, fungo lake lili paliponse.

Chimene chinamubweza Benvinda pa esiteti m'mawa umenewo chinali china. Dokotala amene anaona mtembo anati pathupi la bwana Inácio panalibe bala la mpeni, ngakhale kakang'ono. Nanga mpeni wonoledwa bwino chonchija unakadula chiyani?

Anaitana Duarte ndi Leonel, natsegula chitseko chimene anachikhoma yekha dzulo lake. Fungo linali litawawasa, ntchentche zili ng'waa.

"Tipeze khosi la Namfedwa," anatero.

Anagwada m'makoko muja n'kumatembenuza mapale limodzilimodzi. Duarte ndi amene analipeza, chiphale chopindika, cholemera. Anachipukuta ndi malaya ake. Zaka zinali pamenepo, mzere pansi pa mzere, zakuda ndi ukalamba. Koma pambali pake panali zozokota zatsopano, dongo lake loyera ngati lachita kusendedwa lero. Panali 1, panali 9, panali 7. Pamene panayenera kukhala nambala yomaliza panali mzere wautali wokhota, wotsikira pansi, wa munthu amene dzanja lamuphonyoka.

"Ntchito imene anaisiya kalekale," anatero Benvinda motsitsa mawu. "Kuti afike pakhosi pamenepa anakwera chiyani?"

"Makwerero," anayankha Duarte. "Amakhala atatsamira pa mtsuko umene akugwirapo ntchito."

Makwererowo anali atagona kuseri kwa mtsuko wachiwiri, patali ndithu, ngati wina anawakoka n'kuwaponya. Kampeni kaja kanali pansi pake, kosapinda.

Leonel, amene ankafukula kumene kunagona mtembo, anakodola ndi dzanja. M'makoko munali nyundo yaikulu yokhomera zikhomo za m'munda. Anasonkhanitsa mapale a kumimba kwa mtsuko, ndipo anaona poyera pamene inamenya: kabowo kophwanyikira m'kati, ming'alu ikuchokera pamenepo kupita mbali zonse.

"Ndiye kuti sunaphulike wokha," anatero Leonel. "Mbava anaumenya kuti ugwere bwana."

"Taganiza kaye. Mtsuko wodzaza chonchi, ukaumenya pamimba, umagwera ndani? Woonerera kapena womenya?"

Leonel anakanda m'mutu. Duarte anapukusa mutu mwamphamvu.

"Ayi sajeni, ayi. Bambo sakanaswa Namfedwa. Ankamukonda kuposa ine, sindikunena mwanthabwala."

"Mwina ankamukonda wopanda chaka chimenechi." Benvinda anaimirira, mawondo akulira. Anayang'ana pansi ponse, kuchokera pamene panali mtsuko mpaka pakati pa chipinda. "A Duarte, mtsuko umenewu ukanadzaza ngolo. Pansipa pali makoko okha. Vinyo yense uja anapita kuti?"

"Mu mbava, nanga kuti? Pansipa m'potsetsereka, chilichonse chotayika chimathamangira mu..."

Sanamalize. Atatu onse anatembenukira ku thabwa lozungulira lija.

Nyumba ya vinyo iliyonse kwathu kuno ili ndi mbava, ngakhale mwana amadziwa. Ndi chimtsuko chokwiriridwa pansi pakati pa chipinda, kukamwa kwake kuli mulingo umodzi ndi simenti yapansi, ntchito yake kulandira vinyo mtsuko wina ukasweka. Timachitcha mbava chifukwa chimamwa zimene sichinapatsidwe. Koma kwa a Fragoso mtsuko unali usanaswekepo chibwerere banjalo, thabwa lija silinkasunthidwa, ndipo liwulo linali litamera miyendo n'kuvala chipewa kalekale. Mlendo wochokera kutali akanafunsa kuti, mbava yake iti? Ife sitinafunse. Tinatenga mfuti n'kuthamangira kumalire.

Benvinda anagwada n'kupaka chikhatho pamwamba pa thabwalo. Fumbi lokha. Dzulo anaimapo yekha chifukwa panali pouma, osadzifunsa kuti mtsinje wa vinyo ungadutse bwanji pa chivundikiro n'kuchisiya chouma.

"Ili linali pambali pamene vinyo ankadutsa. Wina analibwezera pambuyo pake. Gwira uko, Leonel."

Analikoka. M'mphepete mwa kukamwa munali makoko ophwanyika. Mbava inali yodzaza mpaka pakamwa, pamwamba pataundana chikhungu cha makoko, thovu likutuluka pang'onopang'ono. Benvinda anatenga mtengo wautali wokankhira makoko n'kuulowetsa. Unaboola chikhungucho, unatsika pang'ono, kenako unagunda chinthu chofewa chimene chinasuntha.

Duarte anathamangira panja kukasanza.

* * *

Arménio anamutulutsa awiri, Benvinda ndi Leonel, n'kumugoneka pafupi ndi chitseko pamene pankafika kuwala. Thupi lonse linali lofiirira, ndevu, zikope, makutu. Kunkhongo kunali bala lalikulu la kugwa chagada.

Dona Perpétua anali pakhonde la nyumba yaikulu atavala zakuda, akudikira kuti Duarte amutengere kutchalitchi, kumene mudzi wonse unasonkhana kupempherera mzimu wa bwana Inácio. Anaona manja a Benvinda, ofiira mpaka m'zigongono, ndipo sanafunse kanthu.

"A Dona, achimwene anu sakanakoka thabwa lija ali ndi chiphale pachifuwa. Antchito anali kokadya. A Duarte anali ku Évora. Munandiuza nokha kuti munatsika nokhanokha."

"Ndinatero."

"Ndibwereza funso la dzulo. Ananena mawu angati?"

Mayiyo anakonza mpango wake. Anayang'ana minda ya mphesa imene inayala mpaka kuphiri, ndipo poyankha sanatsitse mawu ngakhale pang'ono.

"Anati, Mbava ali mu mbava. Ndamugwetsa pamakwerero. Ndimafuna kumubisa. Mutulutse, Perpétua."

"Inu munatani?"

"Ndinawagwira dzanja mpaka atatsirizika. Ndinawatseka maso. Kenako ndinakoka thabwa."

"Anakupemphani kuti mumutulutse."

"Munthu akamafa amafewa mtima, sadziwa zimene akunena. Otsalafe ndi amene timaganiza." Anatembenuka n'kumuyang'ana Benvinda m'maso. "Anthu anu anatilanda nyumba kamodzi. Ndinagona pa simenti ku Lisbon ine, mayi anga anafera m'chipinda chobwereka. Lero atilandenso dzina? Mawa anthu azimwa vinyo wathu akunena kuti uyu ndi wa chigawenga chija? Mmodzi mwa awiriwa anayenera kukhala wakupha. Winayo dzina anali nalo kale."

Benvinda anamva kutentha kukwera kuchokera pachifuwa mpaka m'makutu.

"Pamene munkatseka, munasuzumiramo?"

"Ayi."

"Munamva kanthu?"

Kwa nthawi yoyamba Dona Perpétua anachedwa kuyankha. Chala chake chinkapotokola kona ya mpango.

"Vinyo akamawira amachita phokoso, sajeni. Munthu sungasiyanitse."

Leonel ndi amene anamutengera kugalimoto ya polisi. Mayiyo anakana kugwiridwa pamkono, anayenda yekha, ndipo pokwera anafunsa ngati mpandowo unali woyera.

* * *

Custódia anali pageti kuyambira m'mawa. Palibe amene anamuuza kuti alowe, palibenso amene anamuuza kuti achoke. Ataona Dona Perpétua akudutsa m'galimoto ya polisi, anakankha geti yekha n'kuyamba kuyenda, osathamanga. Benvinda anafuna kumutchingira koma mayiyo anangomulambalala.

Anagwada pambali pa mwamuna wake. Anavula mpango wa kumutu, anaunyowetsa ndi malovu, n'kuyamba kumupukuta pachipumi monga amachitira mayi ndi mwana wodya zipatso. Mtunduwo sunachoke. Anapukutabe.

Benvinda anagwada naye n'kumufotokozera zonse mwachidule, za makwerero, za nyundo imene bwana anaswera mtsuko kuti vinyo amukwirire, za thabwa. Custódia ankamvetsera osasiya kupukuta.

"Anavutika?"

Bodza linali pafupi, ndipo likanakhala lachifundo. Koma mayi ameneyu anali atanamizidwa mokwanira.

"Sindikudziwa, amayi."

Custódia anagwedeza mutu. Anatenga dzanja la mwamuna wake, analitembenuza, anasisita zipsera zakale za m'chikhatho.

"Anamaliza kulemba?"

"Panatsala nambala imodzi."

Apa ndi pamene analira. Sikunali kulira kokuwa, kunali kubuula kochokera pansi pamimba, ndipo Benvinda, amene anaonapo mitembo yambiri, anayang'ana kumbali misozi ikutsika. Kumudzi belu la tchalitchi linayamba kulira, limodzilimodzi, la maliro a bwana.

Custódia anapukuta mphuno ndi mpango womwewo. "Pita ukawauze. Onse ali konko. Ndikapita ine akati mkazi akuikira kumbuyo mwamuna wake. Upite ndi yunifolomu yakoyo, ndi manja akowo, usasambe."

"Ndikusiyeni nokha?"

"Sindili ndekha. Pita."

Tchalitchi chinali chodzaza mpaka pakhomo. Amuna amene anachezera kusaka anabwera ndi nsapato zafumbi, mfuti atazitsamiritsa pakhoma panja. Wansembe anali pakati pofotokoza za kukoma mtima kwa malemu, amene anakhululukira ngakhale omulanda munda n'kuwapatsa ntchito. Benvinda anavula chipewa n'kuyenda pakati pa mabenchi. Anthu ankaona manja akewo n'kumapatuka.

"Pepani bambo mfumu, ndili ndi mawu." Anatembenukira anthu. "Arménio Canhoto wapezeka. Sanathawe. Sanaphe munthu. Ndi iye amene waphedwa, ndipo chiyambire dzulo masana anali pansi pa mapazi athu."

Munali zii. Kutsogolo, malume Florival anagwira benchi n'kukhala pansi mwamphamvu, nkhope ataibisa m'chipewa. Amuna a nsapato zafumbi aja anayang'ana pansi.

Ndipo m'chete mmenemo, kumabenchi akumbuyo, mkazi wina wongokwatiwa kumene, wobadwira m'mudzi momwemu, anakoka amayi ake malaya n'kunong'ona, koma tonse tinamva.

"Amayi, Arménio Canhoto ndi ndani?"

Amayi akewo anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Liwu limene linabwera linali lomwe lija, ndipo analimeza.